Kalata kwa mwana wanga woimba mumzinda

Wokondedwa mwana wanga,

Kalata yako ndailandira, ndipo ndakondwa kumva kuti gulu lanu lapeza malo oimbirapo Lachisanu lililonse. Amayi ako ali bwino ndipo akupereka moni. Chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi mawu amene unawaponya kumapeto ngati nkhani yaing'ono, akuti mwini situdiyo wina akufuna kukujambulira chimbale ulele, iwe ungosaina pepala.

Sindikukuletsa za mumzinda. Pita ukaonere zisudzo, magule ndi ziwonetsero za anthu ojambula, ukakhale kumbuyo m'maholo ang'onoang'ono kumvetsera anzako, pakuti woimba amakulira m'malo otere kuposa m'chipinda chake. Koma udziwe kuti kuseri kwa magetsi ndi zokuzira mawu zonsezo kuli msika, ndipo pamene iwe watseka maso pa gitala, wina ali pakhomo kuwerenga ndalama. Paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Nyimbo imodzi ili ndi umwini wa mitundu iwiri. Woyamba ndi wa amene anapeka mawu ndi maimbidwe ake, wachiwiri ndi wa mawu ojambulidwawo, ndipo uwu kawirikawiri umapita kwa amene analipira situdiyo. Nyimbo ikaseweredwa pa wailesi kapena pa YouTube ndi Spotify, ndalama zimatsata maumwini amenewa, osati nkhope ya amene anthu amamuombera m'manja. M'mayiko amene analowa m'pangano la Berne loteteza umwini wa zopekapeka, lomwe linayamba mu 1886, nyimbo imakhala yako kungochokera pamene waipeka, ndipo lamulo limaiteteza moyo wako wonse kuonjezapo zaka zosachepera 50 utamwalira. Choncho pepala limene akukupatsalo likhoza kukhudza ngakhale adzukulu anga amene sanabadwe.

Woimba wina wa ku South Africa, Solomon Linda, anajambula nyimbo yake Mbube ku Johannesburg mu 1939, n'kugulitsa umwini wake pa mashilingi 10 okha. Nyimboyo inaoloka nyanja, inasinthidwa mawu, inalemeretsa anthu amene sanamuonepo, koma mwiniwake anamwalira ali wosauka mu 1962, ndipo banja lake linachita kupita kukhoti kuti lifike pa mgwirizano wolandira gawo mu 2006, patatha zaka 44.

Nanenso zinandionekera, ngakhale zanga zinali zazing'ono. Ndili mnyamata tinaimba usiku wonse m'holo ina titagwirizana pakamwa kuti tigawana pakati ndalama za pakhomo. Anthu anadzaza mpaka ena kuima m'mazenera, koma kutacha mwini holoyo anatulutsa kabuku, nayamba kuchotsera za magetsi, za alonda, za mipando iwiri imene akuti inathyoka, mpaka zotsalazo sizinakwane n'kugula nsambo za gitala. Woimba ng'oma wathu anangokhala pasitepe, timitengo take tili m'manja, osatulutsa mawu. Tinalibe pogwira chifukwa panalibe cholembedwa.

Pepalalo uliwerenge modekha uli kunyumba, osati mu situdiyo mwiniwake akukuyang'ana. Uone ngati likunena kuti umwini wa nyimbo zako ukhala wa yani, kwa zaka zingati, gawo lako ndi lotani, ndiponso ngati ndalama zojambulirazo adzazichotsa pa gawo lako, chifukwa zambiri zimene amati n'zaulele zimakhala ngongole yobisika. Akakana kuti upite nalo kwa loya, wakuuza kale chimene chili m'menemo. Anzako a m'gulu nawonso mulemberane amene anapeka nyimbo iliyonse pamene mudakali kugwirizana, ndipo ukalembetse ku bungwe lotolera ndalama za anthu opeka nyimbo.

Ndisaiwale za makutu. Phokoso la madesibelo 85 (muyeso wa kukula kwa phokoso) munthu angalipirire pafupifupi maola 8, koma likafika 100 mphindi 15 zokha n'zokwanira kuyamba kuononga, ndipo kumva kukaonongeka motere sikubwereranso. Khutu langa lamanzere limalira usana ndi usiku chifukwa ndinkakonda kuima pafupi ndi sipika. Gula zotsekera m'makutu, anzako akuseke ngati akufuna.

Ujambule pepalalo pa foni, masamba onse ndi timalemba tating'ono ta kumunsi tomwe, unditumizire usanamuyankhe munthuyo. Amayi ako akuti utumizenso nyimbo ija unawaimbira pa foni, akufuna aimve bwinobwino.

Ndine bambo ako.