Masiku 30 anathera m'manja mwanu, tsopano tiyankheni

Kwa inu achimwene, eni kampani yolangiza za chitetezo cha m'migodi amene timakulipirani mwezi ndi mwezi kuno ku Indiana. Dzina lanu sinditchula, mukudzidziwa. Ndabwera pano poti foni simukuyankha, maimelo anga anayi ali chete, ndipo pa WhatsApp zikuoneka kuti mwawerenga koma osabweza ngakhale liwu limodzi. Ndikulemba m'chiyankhulo chathu chifukwa ndi m'chiyankhulo chomwechi munandiuza kuti ndisadandaule, mapepala a MSHA, bungwe la boma loyendera za chitetezo m'migodi, ndi ntchito yanu.

Anzanga amene mukuwerenga, ine ndimagwira mu ofesi ya kampani yaying'ono yokumba mchenga ndi miyala. Kuno ku America dzenje la mchenga nalonso ndi mgodi pamaso pa lamulo la 1977 loona za chitetezo ndi umoyo m'migodi, ndipo oyendera a bungwe la MSHA amafika kosachepera kawiri pa chaka. Ulendo watha anatilembera milandu itatu. Umodzi sitinaukane. Chotchinga pa gudumu la lamba wonyamula miyala chinali chitachotsedwa, moti munthu akanakodwa mkono. Tinabwezeretsa tsiku lomwelo, ndipo ineyo ndi amene ndinauza abwana kuti apa talakwa, tilipire. Anyamata ogwira pa lambayo ndimawadziwa, akazi awo ndi ana awo ndimawadziwanso. Sindine munthu wozemba za chitetezo.

Koma milandu iwiri inayo inali ya mtumbira wa dothi wa m'mbali mwa msewu, umene umaletsa galimoto kugubudukira kuphompho. Njira imene anatigwira nayo tinaitseka kalekale, sipadutsa galimoto, ndipo zithunzi tili nazo. Chomwe tinkafuna n'chakuti woweruza amve mbali yathu. Akanatipeza olakwa tikanavomera.

Kalata ya chindapusa itafika ndinalemba tsiku pa envulopu n'kukutumizirani madzulo omwewo. Inu mukudziwa kuposa ine zimene gawo 105(a) la lamuloli limanena: mwini mgodi ali ndi masiku 30 kuchokera tsiku lolandira kalatayo kuti adziwitse boma kuti akutsutsa. Sipafunika chikalata chachitali ayi. N'kuchonga pa fomu milandu imene ukuikana, n'kuitumiza ku ofesi yoyenera, basi. Masikuwo akangodutsa, chindapusacho chimasanduka chigamulo chomaliza cha Federal Mine Safety and Health Review Commission, bungwe loweruza milandu ya chitetezo m'migodi, ngati kuti mlandu unazengedwa, chonsecho palibe anatsegula pakamwa. Ndinakukumbutsani sabata yachiwiri. Ndinakukumbutsaninso kutatsala masiku asanu. Maulendo onse awiri munati zatheka, ndigone tulo.

Ndinagonadi tulo, mpaka tsiku limene inafika kalata yonena kuti tili ndi ngongole yosalipira. Nditaimba foni ku MSHA anandiuza kuti fomu yathu yotsutsa siinalembedwe kuti inafika. Tsiku limenelo ndi lomaliza kumva mawu anu. Munati fomuyo munaiika mu envulopu imodzi ndi cheke cha mlandu tinavomera uja, n'kutumiza zonse ku St. Louis, Missouri. Achimwene, ku St. Louis kumapita ndalama. Zotsutsa zili ndi ofesi yake ina, ndipo pepala lomwelo limanena. Ine wa mu ofesi ndikanasokoneza zikanamveka, koma inu ndi ntchito imene mumadyera.

Ndalama zikutipweteka, inde, kampani yathu ndi ya anthu owerengeka. Koma chondiwawa kwambiri si chimenecho. MSHA ikamawerengera chindapusa imaona kukula kwa kampani, kuopsa kwa cholakwa, kunyalanyaza kwa eni, komanso mbiri ya milandu imene inatsimikizika m'miyezi 15 yapitayo. Ndiye kuti milandu iwiri imene sitinayankhepoyi yalowa m'mbiri yathu, ndipo ikhoza kukweza chindapusa chilichonse chimene chingabwere m'tsogolo muno.

Pali khomo limodzi lotsala, ndipo n'chifukwa chake ndikukuwa pagulu. Titha kupempha Commission kuti itsegulenso nkhaniyi. Iwo amatsatira mfundo za Rule 60(b) ya makhoti a boma, imene imalola kutsegulanso ngati panali kulakwitsa kapena kuphonya komveka. Pempho lotere silingapitirire chaka chimodzi chigamulo chitakhala chomaliza, ndiponso ukachedwa kupitirira masiku 30 utalandira kalata ya ngongole, amafuna ufotokozenso chimene unachedwera. Kungonena kuti mapepala anasokonekera sikukwanira. Amafuna tsatanetsatane: analandira ndani, liti, anatumiza kuti, ndipo mwakonza chiyani kuti zisachitikenso. Mayankho amenewa ali ndi inu, ine ndilibe. Tsiku lililonse limene mwakhala chete likudya masiku 30 achiwiriwa, ndipo papita kale masiku 12.

Loya amene abwana apeza akufuna zinthu ziwiri kwa inu. Risiti ya ku positi yoonetsa tsiku ndi adiresi imene envulopuyo inapita, ndi kalata yosainidwa ndi inuyo yofotokoza zimene zinachitika. Ngati risiti mulibe, nenani kuti mulibe. Ngati fomuyo simunatumize n'komwe, nenaninso, chifukwa sitingakalembe bodza pa pempho lopita kwa oweruza. Mubwezenso mafayilo athu onse, kuphatikizapo zikalata za maphunziro a chitetezo a antchito athu, poti oyendera akabweranso adzazifuna. Za ndalama zimene takhala tikukulipirani tidzakambirana pambuyo, si zimene zikundithamangitsa lero.

Ndine ndinakubweretsani pa kampaniyi. Ndinauza abwana kuti ndinu munthu wakwathu, wodziwa ntchito, ndipo anakulembani chifukwa cha mawu anga. Lero akandifunsa kuti mnzako uja wayankha, ndimangoyang'ana pansi. Sanandikalipire, koma ndikuona kuti chikhulupiriro chimene ndinamanga zaka zambiri chayamba kugwedezeka. Kulakwitsa adiresi ndikanakukhululukirani tsiku lomwelo mukanabwera n'kunena kuti achemwali ndaphonya, tiyeni tikonze. Kubisala ndiye kukundipweteka mumtima.

Ena a inu amene mukuwerenga mumapemphera naye limodzi kapena mumakumana naye kumisonkhano ya a Malawi. Musamunyoze pansi apa, chonde, ingomuuzani kuti atenge foni. Ndipo amene muli ndi makampani omwe amakusungirani mapepala, funsani lero lomwe risiti ya chilichonse chimene anati anatumiza.

Loya akufuna kutumiza pempholi Lachisanu. Achimwene, risiti ndi kalatayo zindipeze pofika Lachitatu madzulo. Nambala yanga sinasinthe.