Gawo lachiwiri la filimu nthawi zambiri ndi mkute

Akonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzipepala yanu kuti nditulutse nkhani yomwe yakhala ikundivuta mumtima kuchokera Lamulungu lapitali. Mwana wa achemwali anga, mnyamata wa ku koleji, anabwera ndi filimu ya Beverly Hills Cop: Axel F, ija inatuluka pa Netflix mu 2024, nati tionere limodzi. Itatha anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Amalume, Eddie Murphy mumamutama uja ndi ameneyu?" Mnyamatayu sanaonerepo yoyamba ya 1984. Waona yachinayi, ndipo akuganiza kuti wamudziwa munthuyo.

Filimuyo si yoipa ayi, ndinasekako ndithu. Koma funso lake linandibwezera ku mkangano wakale wa ife okonda mafilimu oseketsa a apolisi ndi zigawenga: kodi gawo lachiwiri kapena lachitatu limafika pa loyamba? Ine ndikuti kawirikawiri silifika. Ambiri amati vuto ndi ukalamba wa osewera kapena ulesi wa olemba nkhani. Zimenezo zilipo, koma muzu wake uli pena. Chomwe chimatiseketsa m'mafilimu amenewa ndi mlendo, munthu amene wagwera pamalo pomwe sayenera, amene eni malo akumuyang'ana ndi diso lonyoza. Ndiye munthu sangakhale mlendo kawiri pakhomo limodzi.

Taonani yoyamba ija. Axel Foley ndi wapolisi wa ku Detroit, mzinda wa mafakitale ndi misewu yakuda. Mnzake wa paubwana waphedwa, iye n'kunamiza bwana wake kuti akupita kutchuthi, pomwe akulondola opha mnzakewo ku Beverly Hills, kumpanda kwa anthu achuma. Akulowa mumzindawo ndi chigalimoto chophwanyika cha Chevy Nova, jini ndi nsapato zothamangira. Pahotela yapamwamba akupeza chipinda podzitcha mtolankhani wa magazini ya Rolling Stone. Alonda a mkulu wa zigawenga akumuponyera kunja kudzera pagalasi la zenera, ndipo apolisi akufika n'kumanga iyeyo woponyedwayo. Apolisi awiri, Taggart ndi Rosewood, atumidwa kuti azimutsata. Iye akuwatumizira chakudya kugalimoto kwawo, ali mkati mwakudya n'kuwatsekera nthochi kupaipi yotulutsira utsi. Nthabwala iliyonse apa yatsamira pa chinthu chimodzi: Foley alibe mphamvu, alibe ndalama, alibe chilolezo. Ali ndi pakamwa basi. Murphy anali ndi zaka 23 zokha, njala ya kutchuka ikuoneka m'maso. Filimuyo inapeza madola oposa 230 miliyoni ku America kokha.

Tsono onani yachiwiri ya 1987. Ikuyamba Foley ali mu Ferrari. Taggart ndi Rosewood tsopano ndi anzake apamtima, akafika amamulandira ndi manja awiri. Mkangano uja wa pakati pa wapolisi wa m'makwalala ndi apolisi otsata buku, womwe unali mchere wa filimu yonse, unatha kale pomwe yoyamba inathera. Kuti adzaze dzenjelo anawonjezera mfuti, nyimbo zaphokoso ndi magalimoto ogundana. Wotsogolera kujambula anali Tony Scott, katswiri wa mafilimu a nkhondo ndi liwiro, ndipo dzanja lake limaoneka. Imaonereka, sindikana, koma umaseka pokumbukira. Yachitatu ya 1994 ndiye sindichedwapo: anaiika kumalo osewerera ana, Taggart mulibemo, ndipo Murphy amaoneka ngati munthu amene wabwera kuntchito tsiku lomwe amafuna kugona.

Matenda omwewa anagwira Analyze This ya 1999. Robert De Niro, munthu amene dziko lonse linamuzolowera ngati chigawenga choopsa cha m'mafilimu, akusewera bwana wa Mafia yemwe wayamba kugwidwa ndi mantha osadziwika, kulira yekha, mpaka kufuna dokotala wa maganizo mobisa. Kuona chimunthu chotere chikusisima pamaso pa Billy Crystal kunali kodabwitsa, ndipo kudabwako ndiko kunali nthabwala. Pofika 2002, mu Analyze That, tinali titamuona kale akulira. Anachita kumuimbitsa nyimbo m'ndende kuti mwina tiseke. The Whole Nine Yards ya 2000, ya Bruce Willis ndi Matthew Perry, nayo inabala The Whole Ten Yards mu 2004, ndipo ndi ochepa amene amaikumbukira. Dokotala wa mano wamantha uja akazolowerana ndi wakupha woyandikana naye nyumba, otsala ndi amuna awiri ongokalipirana.

Pali amene anditsutse ndi Rush Hour 2, ndipo ndiwalandira, chifukwa imeneyi ikuikira umboni mbali yanga. Ambiri a msinkhu wanga tinaionera m'mavidiyo shoo, titakhala pamabenchi, mpweya uli wotentha, wina akufotokozera mnzake zomwe zichitike kutsogolo. Mu yoyamba ya 1998, mlendo ndi Lee, yemwe ndi Jackie Chan. Wachoka ku Hong Kong kudzafufuza za mwana wa kazembe yemwe wabedwa ku Los Angeles, a FBI sakumufuna, ndiye akumukankhira kwa Carter, wapolisi wolongolola uja Chris Tucker, kuti azingomuyendetsa mumzinda. Lee akukhala chete ngati sadziwa Chingerezi, Carter akumukuwira ngati wogontha. Olemba yachiwiri ya 2001 anachita chanzeru chimodzi: anatembenuza mphasa. Anatenga Carter kumuponya ku Hong Kong. Tsopano wosadziwa chilankhulo ndi iye, wonyozetsa pomwe akuyesa kupereka ulemu ndi iye, woimba nyimbo ya Michael Jackson m'bala lodzaza ndi zigawenga ndi iye. Mlendo watsopano anapezeka, filimu n'kukhala ndi moyo. Ine ndimaiika pamzere umodzi ndi yoyamba, ndipo masiku ena ndimaikweza pamwamba.

Koma mphasa ili ndi mbali ziwiri zokha. Pofika yachitatu ya 2007 analibe kwina koitembenuzira, ndiye anawatumiza onse awiri ku Paris. Onse ndi alendo, onse ndi abwenzi, palibe wonyoza mnzake kuchokera pansi pa mtima. Chan anali ndi zaka 53, ndipo ngakhale anamenyana pa nsanja ya Eiffel, thupi silinkauluka ngati kale. Amene anaionera yomasuliridwa m'Chichewa mwina anditsutsa kuti inali yokoma. Dzifunseni bwino: munkaseka Carter, kapena munkaseka mnyamata womasulira uja, amene amaika mawu akeake mkamwa mwa azungu? Nthawi zambiri omasulira athuwa ndi amene amanyamula gawo lachitatu pamsana.

Nanga n'chifukwa chiyani amapangabe? Yankho ndi ndalama, ndipo apa mpomwe ambiri amasokonezeka. Rush Hour yoyamba inapeza madola pafupifupi 244 miliyoni padziko lonse, yachiwiri pafupifupi 347 miliyoni. Wina akaona manambala otere amati gawo lachiwiri nthawi zonse limaposa. Ayi. Munthu amagula tikiti asanaone filimu. Tikiti ya gawo lachiwiri ndi malipiro a chisangalalo chomwe anapeza m'gawo loyamba. Ubwino kapena kuipa kwa lachiwiri kumadzaoneka pa matikiti a lachitatu, ndipo ngakhale pamenepo chizolowezi chimakoka anthu. Eni makampani a ku Hollywood akudziwa zimenezi kuposa ife. Dzina lodziwika kale silifuna kulengezetsa kwambiri.

Ndalamazo zimawononganso m'njira ina. Bad Boys ya 1995 inapangidwa ndi madola pafupifupi 19 miliyoni. Posowa ndalama zophulitsira zinthu, anadalira msampha wa nkhani: mboni ikufuna kulankhula ndi wapolisi Mike Lowrey yekha, Mike palibe, ndiye wapolisi mnzake Marcus, bambo wapabanja woopa mkazi wake, akukakamizika kunamizira kuti ndiye Mike wokonda akazi uja, n'kukakhala m'nyumba yake. Martin Lawrence, wosewera Marcus, akutuluka thukuta ndi bodza lomwe silikumukwana, Will Smith, wosewera Mike, akugona kunyumba kwa mnzake. Imeneyo ndiye nthabwala. Bad Boys II ya 2003 inadya madola pafupifupi 130 miliyoni, ndipo imatenga maola awiri ndi theka kuti ithe. Magalimoto akugwa pamsewu ngati mango, mitembo ikugubuduka kuchoka m'galimoto, pamapeto chigalimoto cha Hummer chikugumula tinyumba ta anthu osauka pa phiri ku Cuba. Pamenepo ine sindinaseke. Ndinaganiza za eni tinyumbato. Munthu wa ndalama zambiri akamaphwanya katundu wa amphawi, nthabwala yachoka kwa wofooka yapita kwa wamphamvu, ndipo imasiya kukoma.

Kuti ndisaoneke wouma mutu, nditchule zina zomwe zinapulumuka. The Pink Panther ya 1963 kwenikweni inali filimu ya David Niven, wosewera wakuba miyala yamtengo wapatali. Wapolisi wopusa uja Clouseau, yemwe ndi Peter Sellers, anali wongothandizira. Yotsatira yake, A Shot in the Dark ya 1964, inamuika pakati, n'kumupatsa bwana Dreyfus amene amapenga naye, ndi wantchito Cato amene amamulumphira mosayembekezereka m'nyumba. Apa gawo lachiwiri linaposa chifukwa loyamba linali lisanadye nkhokwe yonse. 22 Jump Street ya 2014 inapulumuka mwa kuvomera mlandu: mkulu wa apolisi akuuza apolisi awiri achinyamata a m'gawo loyamba kuti achite zomwezo anachita ulendo watha, kungoti tsopano ndalama zachuluka, ndipo kumapeto akuonetsa zithunzi za magawo ena ambirimbiri abodza. Anatiseketsa podziseka okha, koma chenjerero lotere limagwira kamodzi.

Imene inandidabwitsa ndi Bad Boys for Life ya 2020. Patapita zaka 17, Marcus ndi gogo, maso afooka, akufuna kupuma pantchito. Mike akudaya ndevu kuti imvi zisaoneke, ndipo achinyamata a m'gulu latsopano la apolisi akumuona ngati chotsalira cha makedzana. Sanasamuke mumzinda wa Miami, koma nthawi inawasandutsa alendo kwawo komwe. Axel F nayo inayesako njira yomweyi pomupatsa Foley mwana wamkazi amene sagwirizana naye, ndipo zigawo zimenezo ndi zomwe zili ndi moyo. Kwina konseko ndi kutenthetsa mkute: nyimbo yomweyo, jekete lomwelo, nkhope zomwezo zikulowa imodziimodzi kuti ife achikulire tiwombe m'manja. Mwana wa achemwali anga sanawombe, poti kwa iye nkhopezo ndi za madala wamba.

Pempho langa kwa olemba tsamba lanu la zamsangulutso ndi lakuti akamatiuza za filimu yomwe ili ndi nambala kumapeto kwa dzina, asamangotiwerengera ndalama zomwe yapeza. Atiuzeko ngati munthu amene sanaone yoyamba angaseke.

Mphekesera za Rush Hour 4 zakhala zikumveka kwa zaka zambiri. Jackie Chan anabadwa mu 1954, werengani nokha zaka zake. Ikadzatuluka, ndikudziwa kuti ndidzakhala m'gulu la oyamba kuifunafuna, pakuti amene ndimadandaula za mkutewu ndine ndemwe ndimaugula. Koma Loweruka likubwerali mnyamata uja ndamuitana kunyumba. Ndamupezera ya 1984, ndipo foni yake ikakhala m'thumba langa mpaka nthochi zija zitalowa m'paipi.

Wowerenga wanu,
Ku Zomba