Kalata kwa Jamaa Yathu: Za Mwezi wa Shawwal ndi Tsiku la Eid

Bismillahir Rahmanir Rahim.

Kwa abale ndi alongo onse a pa mzikiti wathu, inu muli kuno kumudzi ndi inu muli kutali, ku Lilongwe, ku Joni ndi kwina konse,

Assalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.

Talowa m'masiku 10 omaliza a Ramadan, ndipo funso lija la chaka ndi chaka layambanso kumveka pakhonde la mzikiti tikatha Tarawehe, swala ya usiku ya mu Ramadan: "Shehe, kodi Eid ili liti?" Amayi akufuna kudziwa tsiku lophera nkhuku, atelala akufuna kudziwa kuti atsala ndi usiku ungati wosoka, apantchito akufuna kukauza mabwana awo. Yankho langa silinasinthe. Eid idzakhala tsiku limodzi mwa masiku awiri ogundizana, ndipo tidzadziwa dzuwa likadzalowa pa 29 Ramadan. Ndikudziwa kuti ena yankho limeneli siliwakomera, amaganiza kuti mashehe akubisa kanthu kapena kalendala yawakanika. Ndalemba kalatayi kuti tonse timvetse chifukwa chake, komanso kuti usiku umenewo pasadzakhale kukokanakokana pakati pathu.

Kalendala yathu imayendera mwezi wakumwambawu. Mu Surat Tawba, ndime 36, Allah akutiuza kuti miyezi ilipo 12, ndipo inayi mwa iyo ndi yopatulika. Mu Surat Baqara, ndime 189, anthu atamufunsa Mtumiki Muhammad, swalla Allahu alaihi wasallam, za mwezi ukakhala watsopano, yankho linabwera loti ndi chizindikiro cha nthawi kwa anthu ndi cha Hajj. Tsono mwezi umatenga masiku 29 ndi theka, kuwonjezerapo kanthawi pang'ono, kuti umalize ulendo wake n'kubadwanso. Theka la tsiku silingalembedwe pa kalendala, n'chifukwa chake mwezi wa Chisilamu umakhala wa masiku 29 kapena 30. Wa 28 kulibe, wa 31 kulibenso. Mukaphatikiza yonse 12 mupeza masiku 354 kapena 355, pamene chaka cha January mpaka December chili ndi 365. Kusiyana kwa masiku 10 kapena 11 kumeneku ndi kumene kumachititsa kuti Ramadan ndi Eid zizibwera msanga chaka chilichonse.

Akuluakulu mukukumbukira. Mu 2005 tinamanga, kutanthauza kusala kudya, mu October, dzuwa likuswa mtengo, anthu a ku Mangochi ndi ku Chikwawa akuwerenga mphindi kuti Magharibi, nthawi yolowa dzuwa, ifike. Mu 2016 Ramadan inayamba kumayambiriro kwa June, masana aafupi, vuto linali madzi ozizira a udhu, kusamba kokonzekera swala, m'bandakucha. Chaka chimenecho ife tinkamanga maola osafika 13 pamene abale athu a ku London ankapitirira maola 18. Lero yatipeza m'dzinja, minda ili yobiriwira koma nkhokwe zili gwaa. Pakatha zaka pafupifupi 33 imakhala yazungulira nyengo zonse n'kubwerera pomwe inali. Mu 1997 Ramadan inayamba kawiri m'chaka chimodzi, mu January ndi kumapeto kwa December, ndipo owerengera akuti zidzateronso mu 2030. Ine ndimaona chifundo pamenepa, chifukwa palibe dziko limene linapatsidwa masana aatali ndi otentha mpaka kalekale, aliyense imam'fika nthawi yake yopepukidwa.

Aluya asanalandire Chisilamu ankasuntha miyezi mmene afunira, mwezi wopatulika n'kuukankhira kutsogolo pofuna kumenya nkhondo. Ndime 37 ya Surat Tawba inatseka khomo limenelo. Ayuda amawonjezera mwezi wa 13 zaka zina kuti zikondwerero zawo zisachoke m'nyengo yake, ife sitiwonjezera. Ndipo anzathu Achikhristu akakufunsani kuti bwanji tsiku lanu silikhazikika, ayankheni mwaulemu kuti Pasaka nayo imasuntha, pakuti imawerengedwa potsata mwezi ukakhala wathunthu. Kuwerenga zaka kumene tikugwiritsa ntchito kunakhazikitsidwa ndi Khalifa Umar ibn al-Khattab, radhiyallahu anhu, cha mu 638, ndipo anayambira pa chaka cha Hijra, 622, pamene Mtumiki anasamuka ku Makka kupita ku Madina.

Tsopano nkhani yeniyeni. Eid ul-Fitr ndi pa 1 Shawwal, mwezi wotsatira Ramadan, ndipo Shawwal sayamba chifukwa kalendala ya pakhoma yatero. Kalendala imene munalandira kusitolo ija inasindikizidwa miyezi yambiri yapitayo, ndi yongoyerekeza. Lamulo lili mu hadisi, mawu a Mtumiki, imene osonkhanitsa hadisi Bukhari ndi Muslim onse anailandira: timange tikauona mwezi, timasule tikauona, ndipo ukatibisikira tikwanitse masiku 30. Tsiku lathu limayamba dzuwa likalowa. Choncho pa 29 Ramadan, tikangomasula ndi kuswali Magharibi, timayang'ana kumadzulo. Ukaoneka, usiku womwewo ndi wa Shawwal, Tarawehe palibe, takbira, kutamanda Allah ndi mawu akuti Allahu Akbar, iyambe, m'mawa ndi Eid. Ukapanda kuoneka, timadzuka kudya daku, chakudya cha m'bandakucha, n'kumanga tsiku la 30, ndipo likatha limenelo Eid ilipo basi, kaya kuli mitambo kaya kulibe.

Achinyamata amene mukufuna kukathandiza kuyang'ana, dziwani chimene mukukafuna. Sichikhala pamwamba pa mutu. Chimakhala m'munsi, pafupi ndi pamene dzuwa lalowera, m'kufiira kuja kusanazime, kopyapyala ngati chikhadabo chowengedwa. Kakaoneka sikachedwa, nthawi zambiri ola silikwana kasanalowe nakonso. Munthu akakuuzani kuti wauona kum'mawa, kapena wauona swala ya usiku ya Isha itadutsa kale, waona china. Pezani malo okwera opanda mitengo ndi phiri kumadzulo, mufike dzuwa lisanalowe, mutenge madzi ndi futali wanu konko. Mukauona, asonyezeni amene mwaima nawo mpaka nawonso auone ndi maso awo, kenako bwerani kwa ine kapena kwa akomiti. Mudzafunsidwa nthawi yake, malo ake, ndi kumene nyanga zake zinaloza. Musadzakhumudwe ndi mafunsowo, umboni umayenera kufufuzidwa. M'mazihabu, kapena kuti njira ya kamvedwe ka malamulo, a Imam Shafi'i, amene ambiri kuno timatsata, mboni imodzi yokhulupirika imakwana poyamba Ramadan, koma pomaliza pamafunika awiri. Kulowa m'kumanga n'kopepuka, kutulukamo kumafuna kusamala, chifukwa kudya masana a Ramadan ndi tchimo ndipo kumanga pa tsiku la Eid n'koletsedwanso.

Zaka zino tili ndi vuto lina, la mitambo. Ramadan ikutha mvula isanathe, ndiye kumadzulo kumatha kutsekeka kotheratu. Musadabwe tikakwanitsa 30. Ameneyo si mwayi woipa, ndi njira yachiwiri imene Mtumiki mwiniwake anatipatsa. Komanso dziko lathu ndi lalitali, kukatseka kuno mwina ku Karonga kapena ku Nsanje kwayera, n'chifukwa chake timadikira kuti malipoti a m'zigawo zonse asonkhanitsidwe.

Chimene chikutigawa masiku ano ndi foni. Saudi Arabia ili patsogolo pathu ndi ola limodzi, ndipo chilengezo chawo chimafika pa WhatsApp ife tikadali pa futali. Tinaziona chaka china pamudzi pano, m'nyumba imodzi. Anyamata analandira uthenga, m'mawa anavala mikanjo yatsopano n'kukwera njinga kukasaka kumene kukuswalidwa Eid. Atabwerako anapeza bambo awo ali pamkeka ndi tasbihi, akumanga. Mayi anaphika mpunga wa ana awo iwo osalawa n'komwe, ndipo tsiku lotsatira anaphikanso. Banja limenelo silinadyere mbale imodzi pa Eid, ndipo mawu amene anatuluka tsiku limenelo anatenga nthawi kuti apole.

Kusiyana kwa masiku pakati pa mayiko sikunayambe ndi mafoni. Mu Sahih Muslim muli nkhani ya Kurayb, amene anatumidwa ku Sham, dera la Syria, kwa Mu'awiya amene ankalamulira kumeneko. Ali kumeneko mwezi wa Ramadan unaoneka usiku wa Lachisanu, iye anauona ndi maso ake, anthu onse anamanga. Atabwerera ku Madina kumapeto kwa mweziwo, Ibn Abbas, radhiyallahu anhuma, anamufunsa, ndipo atamva anati iwo ku Madina anauona usiku wa Loweruka, choncho apitiriza kumanga mpaka akwanitse 30 kapena auone. Kurayb anafunsa ngati kuona kwa Mu'awiya sikukwanira. Ibn Abbas anati ayi, umu ndi mmene Mtumiki anatilamulira. Taonani, awa ndi Maswahaba, anthu amene anakhala ndi Mtumiki, Sham ndi Madina zili pansi pa ulamuliro umodzi, koma anasiyana tsiku ndipo palibe anatcha mnzake wosokera. Pa hadisi imeneyi ndi pamene a Shafi'i anatsamira ponena kuti dera lililonse lakutali liyendere kuona kwake. A mazihabu ena, a Hanafi, ambiri anati ukaoneka malo amodzi, ndipo nkhani yafika motsimikizika, onse atsate. Maganizo onse awiri ndi a maulama akuluakulu, ndipo ine sindidzalola kuti wina pa mzikiti uno anyozedwe chifukwa cha amodzi mwa iwo.

Pali chifukwa chooneka ndi maso chimene mayiko amasiyanirana. Mwezi ukangobadwa umakhala pafupi kwambiri ndi dzuwa, kuwala kwa dzuwa kumaumiza. Umafunika maola ambiri kuti utalikire, ndipo wosakwana maola 15 diso la munthu siliuona. Dziko limene dzuwa limalowa mochedwa, lakumadzulo, limaupeza utakulako. Mu 2025, pa 29 March, mwezi unabadwa cha m'ma 1 koloko masana nthawi ya kuno, tsiku lomwenso kadamsana anaoneka ku Ulaya. Pofika madzulo unali ndi maola pafupifupi 5 okha. Saudi Arabia inalengeza Eid Lamulungu pa 30 March, pamene Egypt, Oman ndi Indonesia anaswali Lolemba pa 31. Onsewa ndi Asilamu, ali ndi makhoti ndi maulama awo. Dziko la Turkey linasankha kuyendera masamu a akatswiri a zakuthambo, limadziwiratu masiku ake chaka chisanayambe. Ku Cape Town anthu amasonkhanabe m'mphepete mwa nyanja ku Three Anchor Bay kudikira kuti auone ndi maso. Kwa ine masamu ndi wantchito wabwino. Amatiuza usiku woyenera kuyang'ana ndi malo ake, ndipo amatithandiza kukana umboni wosatheka, monga ananenera Imam Taqi al-Din al-Subki, mmodzi wa maulama a Shafi'i. Koma kulengeza timasiyira amene anapatsidwa udindowo.

Choncho pa mzikiti uno tidzatsata chilengezo cha maulama a dziko lino, chimene timachimva pa Radio Islam ndi mawailesi ena. Chifukwa changa chachikulu ndi hadisi imene Tirmidhi anailandira, yoti kumanga ndi tsiku limene nonse mukumanga, kumasula ndi tsiku limene nonse mukumasula, ndipo kuzinga ndi tsiku limene nonse mukuzinga. Eid ndi ibada ya gulu. Ngakhale atsogoleri atalakwitsa atayesetsa mmene angathere, wowatsatira alibe mlandu. Chithunzi cha mwezi chimene chikuzungulira pa Facebook si mboni, simudziwa amene anachijambula, dziko lake, ngakhale chaka chake. Chonde musachitumize kwa ena.

Ndiyankhirenso nkhani ina imene imabuka tsiku la Eid madzulo. Wina amayang'ana kumwamba n'kunena kuti, "Taonani kukula kwake, uwu ndi wa masiku awiri, tinachedwa." Mawu omwewa ananenedwa kale pamaso pa Ibn Abbas, ena akuti ndi wa usiku uwiri, ena utatu, ndipo iye anawabweza ku chiphunzitso cha Mtumiki chakuti mwezi ndi wa usiku umene mwauona. Mwezi umene dzulo unalephereka pang'ono kuoneka, lero umakhala utawonjezera maola 24, ndiye uyenera kuoneka wonenepa ndi wokwera. Kukula kwake si umboni woti tinaphonya.

Inu muli kunja, swalini ndi Asilamu a kumene muliko, musadikire za kuno. Amene munayamba kumanga ku South Africa kapena kwina ndipo mukubwera kudzadya Eid kumudzi, mudzamasule pamodzi ndi ife. Mukadzawerenga n'kupeza kuti masiku anu ndi 28 okha, mudzabweze limodzi Eid ikapita. Za Eid ul-Adha, ya pa 10 Dhul Hijja, ndidzalemba nthawi yake ikayandikira. Imeneyo siyivuta kwambiri pokonzekera popeza mwezi ukaoneka timakhala ndi masiku okwanira, ngakhale ili ndi funso lakelake la tsiku la Arafa.

Zokonzekera ndi izi. Apantchito ndi a sukulu, uzani akuluakulu anu masiku onse awiri kuyambira pano. Eid ul-Fitr ndi tchuthi cha boma, komabe mabwana ena amafuna kuuzidwiratu. Amayi, pa 29 musazimitse moto msanga, sungani ufa ndi ndiwo za daku mpaka chilengezo chimveke, ndipo nkhuku isaphedwe tisanamve. Zakaatul Fitr, chopereka cha kwa osauka pomaliza Ramadan, musaidikirire usiku womaliza. Ndi muyeso wa saa imodzi ya chakudya chimene timadya, makilogalamu awiri ndi theka kufikira atatu a chimanga kapena mpunga pa munthu aliyense wa m'nyumba mwanu, khanda lomwe. Iyenera kufika m'manja mwa osauka swala ya Eid isanachitike, ndipo nyengo ino amene akuiyembekezera ndi ambiri. Akomiti ayamba kulandira pa 27 Ramadan ikatha Asr. Mvula ikadzagwa m'mawa wa Eid tidzaswalira mu mzikiti m'malo mwa pabwalo, ndipo muazini adzalengeza ikatha Fajr.

Allah alandire kumanga kwathu ndi kuima kwathu kwa usiku, atikumanitse ndi Lailatul Qadr, achiritse odwala athu ndi kuwakhululukira amene anatsogola.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.

Ine mtumiki wanu,
Shehe wa pa mzikiti wanu