Omanga nyumba asiye kukwirira ngalande ndi mitsinje

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za momwe ntchito yomanga nyumba m'mizinda yathu ikuwonongera ngalande ndi mitsinje, chonsecho malamulo oletsa mchitidwewu alipo kale.

Aliyense amene amayenda m'madera omwe mukumangidwa nyumba zatsopano mu Lilongwe, monga ku Area 25 ndi ku Area 49, waonapo milu ya mchenga ndi kwale itatsitsidwa pamwamba pa ngalande, poti lole yalephera kulowa m'puloti. Dothi lokumbidwa pamaziko limaunjikidwa kunja kwa mpanda, ndipo amisiri akamaweruka amatsukira mawilibala ndi mafosholo a simenti m'ngalande momwemo. Mvula ikangoyamba mu Novembala zonsezi zimakokoloka n'kukatseka makalavati, kenako madzi amasefukira mumsewu mpaka kulowa m'nyumba za anthu akumunsi, omwe sanalakwe chilichonse. Madzi otsukira simenti amapha nsomba ndi tamoyo tina ta m'madzi, pomwe matope otsalawo amakathera m'mitsinje ya Lingadzi ndi Lilongwe. Mtsinje wodzaza matope umakhala wosaya ndipo suchedwa kusefukira, ndipo anthu a ku Mtandire, omwe anaona zakuda Lingadzi atasefukira mu 2017, akudziwa bwino mapeto ake. Kudula mitengo ndi kutaya zinyalala paliponse kukuwonjezeranso vutoli, koma mbali ya omanga nyumba ndi yosavuta kuithetsa chifukwa puloti iliyonse ili ndi mwini wake wodziwika.

Lamulo losamalira chilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, lamulo la zamadzi la 2013 limaletsa kuipitsa madzi, ndipo womanga mumzinda amayenera kuyamba wapeza chilolezo kukhonsolo. Mpata uli poti ntchito zikuluzikulu ndizo zimaunikidwa momwe zingakhudzire chilengedwe, pamene nyumba ya munthu mmodzi imaonedwa ngati nkhani yaing'ono. Komatu mapuloti mazanamazana akakumbidwa nthawi imodzi m'dera lotsetsereka, dothi lochoka mmenemo limakhala lochuluka ngati la ntchito yaikulu. Pulani imavomerezedwa papepala, koma funso loti madzi a mvula adzapita kuti pamene nyumbayo ikumangidwa silifunsidwa mokwanira.

Ku America aliyense wokumba malo omangapo okwana ekala imodzi kapena kuposerapo amayenera kukhala ndi chilolezo komanso ndondomeko yotetezera dothi kuti lisakokoloke, ndipo mu 2008 makampani 4 akuluakulu omanga nyumba anavomera kulipira chindapusa cha madola 4.3 miliyoni chifukwa chophwanya malamulo amenewa. Chomwe ndikufuna titengepo n'chakuti boma silinadikire kuti anthu ataye katundu kapena miyoyo, kusateteza dothi pakokha kunali kale mlandu.

Pempho langa kwa makhonsolo ndi loti chilolezo chomangira nyumba chizinena momveka bwino kuti zipangizo zonse zisungidwe mkati mwa puloti, milu ya mchenga ndi dothi izivindikiridwa ndi pepala lapulasitiki kapena kutchingidwa ndi matumba a mchenga, ndiponso pakumbidwe dzenje lotsukiramo zida za simenti. Zimenezi sizidya ndalama zambiri poyerekeza ndi mtengo wa nyumba yonse. Oyendera ntchito zomanga azifika pamalo pakati pa Disembala ndi Malichi, nthawi yomwe kuwonongeka kumaonekera poyera, ndipo akapeza ngalande itatsekedwa aimitse ntchitoyo kufikira mwini puloti ndi kontilakitala atachotsa mchengawo ndi ndalama zawo. Bungwe lomwe limalembetsa makontilakitala lidziwitsidwe za amene alakwa mobwerezabwereza, ndipo makhansala apatsidwe njira yachidule yofikitsira madandaulo a anthu akumunsi kukhonsolo mvula isanafike pachimake.

Nzika yokhudzidwa,
Lilongwe