Aise, kachipu kaja kayankhula

Aise,

Ndakhala chete nthawi yaitali ndikudziwa, usandinene. Kuno ku Kasungu tilipo, mayi ako ndinakumana nawo pa msika wa pa boma sabata yatha, ali bwinobwino kungoti akudandaula kuti suimba foni, ndiye iwe imba. Fodya wayamba kupita ku Chinkhoma, anthu agwirako tindalama ndiye pa shopu pakumadzadza, wina akufuna batire, wina galasi la foni lasweka, wina wangobwera kudzagwiragwira mafoni oti sagula.

Mwezi watha anandibera foni mu kabati ija, masanasana dzuwa likuswa mtengo ine nditaweramira kuwotcherera. Ndinapsa mtima heve, mpaka ndinakumbuka kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi unanditumizira kuchoka ku Joni kaja, kanangokhala mu katoni chibwerereni. Ndinati ndipange kanthu koti dzanja likangoyandikira chitseko cha kabati, belu lilire. Sensa yake ndinaimatula pa bolodi ya Chromebook yakufa, kachipu ka Semtech kotchedwa SX9310, kochepa ngati kanjere ka mphodza, kuti ndikawotcherere mawaya maso anachita kulira misozi. Si sensa ngati ija yothimitsa foni ukaiika pakhutu ayi, zambiri mwa zimenezo zimayendera kuwala kwa infrared. Iyi imayeza capacitance, ndiye kuti kuchuluka kwa magetsi omwe kachidutswa ka kopa kangasunge, ndiye poti thupi la munthu lili ndi madzi ambiri ndipo limadutsa magetsi, dzanja likayandikira muyeso uja umasintha pang'ono kwambiri, kachipu nkumva, ngakhale pakati patatchinga pulasitiki kapena thabwa lopyapyala. Mu laputopu ntchito yake nkumva ngati munthu wayandikira pa eriyo kuti makina achepetse mphamvu ya mafunde, paja ku America malire a zomwe amati SAR, mphamvu ya mafunde yolowa m'thupi la munthu, ndi 1.6 W/kg.

Kachipuka kamayankhula ndi Pi pa njira ya mawaya awiri yotchedwa I2C, ndiye ndinalumikiza waya wa SDA pa pini 3, wa SCL pa pini 5, waya wa interrupt pa GPIO 17. Kulemba i2cdetect -y 1, lamulo losaka zomwe zalumikizidwa pa mawayawo, nambala 28 nkuonekera. Ndinati basi zatheka, mpaka ndinatuma mwana kukagula Fanta. Koma kupita mu /sys/bus/iio/devices, momwe Linux ya pa Pi imaonetsera masensa omwe yawazindikira, muli mbee.

Apa ndi pomwe ndaphunzira chinthu chimene zaka zonse ndakhala ndikukonza mafonizi sindimachidziwa. USB ili ngati mlendo wamakhalidwe, akafika amati odi, nkunena dzina ndi kwawo, kernel, womwe ndi mtima wa Linux, nkumupezera dalaivala, kapulogalamu koyankhula naye. I2C ayi. Mawaya awiri aja a Philips anawayambitsa kalekale cha m'ma 1980, ndipo chipu chokhala pamenepo chimangokhala duu, sichidzitchula, chimayankha pokhapokha wachiitana pa nambala ya nyumba yake. Ndiye Linux pa makina a ARM ngati Pi imadalira chikalata chotchedwa device tree, ndinene kuti kaundula wa a mfumu. Ukukumbuka za makuponi a feteleza aja, munthu ulipo ndithu, nyumba yako aliyense akuiona, koma ngati dzina mulibe mu kaundula sulandira kanthu. Kachipu kanga kanali choncho, kamoyo, kamagetsi, koma kosalembedwa. Pa makompyuta a Intel ntchito yomweyi amagwira ndi ACPI, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Kalembedwe kake sungopeka. Mu source ya kernel muli fayilo Documentation/devicetree/bindings/iio/proximity/semtech,sx9310.yaml, imanena zoyenera kulemba ndi zosaloledwa, iwo amati binding. Zokakamiza ndi zitatu basi. Pali compatible, pomwe umalemba "semtech,sx9310", ndiye dzina lomwe dalaivala amamvera, ndipo m'bale wake SX9311 amayendera fayilo yomweyo. Pali reg, nambala ya nyumba ija, kenako #io-channel-cells yomwe imangoyenera kukhala 1. Zinazo monga interrupts, vdd-supply ndi svdd-supply ukhoza kuika malingana ndi momwe walumikizira. Ine za magetsizo sindinalembe poti ndangotapa pa pini ya 3.3V, kernel inangong'ung'udza kuti igwiritsa ntchito dummy regulator nkupitiriza.

Dalaivala wake mu kernel yomwe ndinali nayo sanali woyatsidwa, ndinachita kuyatsa CONFIG_SX9310 nkumanga ndekha, magetsi anathima kawiri ndili pakati, zimenezo tisakambe.

Tsopano tamvera uchitsiru wanga. Ndinalemba overlay, kachidutswa kowonjezera pa kaundula uja, dtc yomwe imakasandutsa kuti makina awerenge sinadandaule, ndinaika mzere wa dtoverlay mu config.txt, kuyatsanso, palibe. Masiku atatu aise. Ndinasintha mawaya, ndinawotchereranso kachipu kuganiza kuti mwina ndakapsereza ndi hot air, ndinafika poganiza kuti wakuba uja ndi wokhwima. Usiku wachitatu ndikuwerenga bwinobwino dmesg, momwe kernel imalemba zomwe ikuchita, ndinaona kuti dalaivala akugogoda pa 1-001c, ndiye ndinadabwa kuti 1c yachokera kuti. Kumene ndinalemba reg = <28>. Koma 28 ya i2cdetect ndi ya hex, mawerengedwe a makompyuta oyendera 16, imayenera kulembedwa 0x28, yomwe m'mawerengedwe athu wamba ndi 40. Ine polemba 28 yopanda 0x ndinatumiza dalaivala ku 0x1c, nyumba yopanda munthu, iye kugogoda kugogoda nkubwerera. Tizilembo tiwiri. Nditakonza, pa malo a 28 paja i2cdetect inaonetsa UU, kusonyeza kuti dalaivala wakatenga, ndipo fayilo ya muyeso yotchedwa in_proximity0_raw inatulukira, ndikayandikitsa dzanja manambala nkumasintha. Ndinakuwa usiku mpaka mlamu wako anadzuka kuganiza kuti kwabwera akuba.

Chimene chandisangalatsa ine nchakuti chikalatachi sichilamula kuti belu lilire kapena chiyani, chimangofotokoza zimene zili pa bolodi. Ngati pini ya kachipuka yotchedwa CS0 waimangirira ku ground umalemba semtech,cs0-ground, ngati ayi usalembe, ukanama kernel imakhulupirira bodza lakolo. Za belu ndi za pulogalamu yanga ya Python pamwamba. Poyamba ndinkaona ngati kuvutitsana chabe, bwanji osangoika zonse mu dalaivala, koma taganiza, kachipu komweka kali m'malaputopu osiyanasiyana, kopa wake wosiyana kukula, mawaya osiyana, ukanati aliyense azisintha dalaivala bwenzi muli chipwirikiti. Apa dalaivala ndi mmodzi, aliyense amangobweretsa kaundula wake. Ndipo amene amatumiza binding yatsopano kwa akuluakulu a kernel amayamba aiyesa ndi make dt_binding_check, pomwe make dtbs_check imaona ngati ma device tree akutsatira malamulowo.

Pomwe ndikulimbana napo pano ndi kuchuna. semtech,resolution imayambira coarsest mpaka finest, ine ndi dyera ndinathamangira finest, ndiye manambala anayamba kuvinavina ndipo poti malire ndinaika pafupi, belu limalira ngakhale munthu angotsamira kabati kufunsa mtengo wa chaja. Mayi wina anachita kulumpha, ndinapepesa mpaka kumuchotserako mtengo. Pali semtech,proxraw-strength yosefa phokoso, imalola 0, 2, 4 kapena 8, ndaika 4 zakhalako bwino. Palinso semtech,avg-pos-strength, iyi imakhudza momwe kachipu kamazolowerera malo ake pang'onopang'ono, chifukwa chinyezi ndi kutentha nazo zimasuntha muyeso. Panopa kunja kwauma ndiye sizikuvuta, ndikudikira Disembala mvula ikayamba, denga la shopu lija ukulidziwa momwe limadonthera, ndione ngati belu silizilira lokha usiku.

Wakuba sanabwerenso, amene wagwidwa kambirimbiri ndine ndemwe, ndimaiwala kuthimitsa ndikamatenga foni ya kasitomala.

Ukamabwera pa Khirisimasi undigulireko tepi ya kopa ija yomata, kuno ndasakasaka osaipeza ndiye ndikugwiritsa ntchito kachidutswa ka bolodi yakale, ndi timawaya ta jumper tambiri ndithu, ndalama ndikupatsa ukafika. Alamu uwapatse moni. Ndipo mayi ako aja imba lero lomwe.

Ndine mnzako wa pa shopu