Ojambula nyimbo asamawongole mawu a nyanga ndi valimba

A Mkonzi,

Oyimba a vayolini ndi piyano akutulutsa nyimbo zosakaniza zida zawo ndi zathu za m'chigwa cha Zambezi. Nzosangalatsa, koma pali vuto limodzi lomwe limawononga ntchitoyi isanayambe: machunidwe.

Piyano imagawa okitevu (mtunda wochokera pa liwu limodzi kufika pa liwu lomwelo pamwamba, monga do kufika do) m'magawo 12 ofanana, gawo lililonse masenti 100 (senti ndi kamuyeso ka kukwera kapena kutsika kwa liwu). Nyanga (timatoliro touzira) za a Nyungwe kuno ku Tete ndi valimba (chida cha matabwa oomba) ya a Sena zimaigawa m'magawo 7 oyandikira kufanana, pafupifupi masenti 171 lililonse. Wa pa situdiyo akamva zimenezi amati chidacho "chaphotchoka", nayatsa Auto-Tune, pulogalamu ya pa kompyuta yowongola mawu. Nyimbo imatuluka yosalala, koma agogo a ku Changara sangaizindikire.

Nkhaniyi si ya lero. Mu 1982 Kevin Volans wa ku South Africa analemba White Man Sleeps, mbali ina yake yochokera ku nyanga zathuzi, ndipo anachuna mahapsikodi (zida zonga piyano) awiri motsatira machunidwe a ku Africa. Ataikonzanso kuti iyimbidwe ndi gulu la oyimba zida za zingwe la Kronos Quartet, inabwerera ku machunidwe a ku Ulaya, ndipo imeneyo ndiyo inatchuka pa dziko lonse. Ndi yokoma ndithu, koma yoyamba ija ndi imene ili pafupi ndi kwathu.

Wofuna kujambula ayambe ndi kuyeza, osati kukonza. Tsitsani pa foni pulogalamu yochunira yosonyeza masenti. Lizani liwu lililonse katatu, mulembe nambala yapakati. Kenako chunani kiyibodi kuti itsatire chidacho. Pa makiyibodi okhala ndi Scale Tune (pochunira liwu lililonse palokha), poyambira ndi apa: C isiyeni, D mutsitse ndi masenti 29, E ndi 57, F mukweze ndi 14, G mutsitse ndi 14, A ndi 43, B ndi 71. Makiyibodi ena safika pa 71. Zikatero tengani B♭ muikweze ndi 29, liwu lake ndi lomwelo. Koma manambalawa ndi a pa pepala chabe. Gulu lililonse lili ndi machunidwe ake, ndiye zomwe mwayeza nokha ndizo zilamule. Vayolini ndi chelo zimatsatira ndi khutu popanda vuto. Gitala ndiye ayi, chifukwa tizitsulo ta pa khosi pake tinakhomedwa pa magawo 12.

Kutentha nakonso kumasokoneza. Chitoliro chimakwera ndi masenti pafupifupi 3 pa digiri iliyonse imene mpweya watenthera. Mukayeza nyanga m'mawa n'kujambula masana a Okutobala, pamene mumzinda wa Tete kumapitirira madigiri 40, kiyibodi idzatsalira pansi. Yezani nthawi yomwe mukujambulayo, oyimba atauzira kale kwa mphindi 10.

Za valimba, musalole munthu kuipala kuti igwirizane ndi piyano. Kupala pansi pa thabwa chapakati kumatsitsa liwu, kupala kunsonga kumalikweza, ndipo mtengo wopalidwa subwerera. Chikho cha pansi pake chinasankhidwa molingana ndi liwu la thabwalo. Mukasintha thabwa, chikho chimangoti duu. Kunjenjemera kwa nembanemba yomatidwa pa chibowo cha chikho nakonso si phokoso loti lichotsedwe pa kompyuta. Anthu amaiikapo dala.

Nyanga siziyimbidwa chokhala. Aliyense ali ndi timatoliro tochepa, amalowetsa mawu ake pakati pa a anzake, akuvina mozungulira, maseche ali m'miyendo. Kuwajambula mmodzimmodzi m'kachipinda n'kupha nyimbo. Imikani maikolofoni awiri pakati pa bwalo, mamita ngati 2 m'mwamba, nthambo zitamangidwa kuti asapunthwe nazo.

Pomaliza, pa chikuto cha nyimbo palembedwe dzina la gulu, mudzi wawo ndi masenti a liwu lililonse, ndipo za ndalama agwirizane polemba asanayatse makina.

Wowerenga wanu,
Ulongué, Angónia