Ophunzira Python azolowere main kuyambira pachiyambi

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndilankhule ndi aphunzitsi a makompyuta, makamaka amene akuphunzitsa Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta.

M'ziyankhulo zina monga C ndi Java palibe zokambirana: pulogalamu imayambira pa function (kachigawo ka pulogalamu kokhala ndi dzina, kogwira ntchito yake) yotchedwa main. Python siikakamiza zimenezi, imangoyendetsa fayilo kuchokera pamwamba kutsika pansi, ndiye ophunzira ambiri amangounjika zonse pamodzi.

Tiyerekeze fayilo yotchedwa magiredi.py, yopezera avareji ya kalasi. Ntchito zake ndi zitatu: kufunsa malikisi, kuwawerengera ndi kuonetsa zotsatira. Iliyonse ikhale ndi function yakeyake, main azingoziitana motsatana. Main akapitirira mizere ngati 10, mwina muli ntchito ina imene ikufuna function yake. Pansi penipeni pa fayilo alembe if __name__ == "__main__": ndipo mzere wotsatira, wolowa mkati ndi masipesi 4, ukhale main().

Mzere umenewu si wokongoletsera. Mukayendetsa fayiloyo mwachindunji, __name__, dzina limene Python imapatsa fayiloyo, amakhala "__main__". Koma fayilo ina ikalemba import magiredi kuti ibwereke za m'fayiloyo, __name__ amakhala "magiredi", choncho main saitanidwa. Popanda mzerewu, wongofuna kubwereka function ya avareji amadabwa pulogalamu itaima n'kumamufunsa malikisi, chifukwa import imayendetsa chilichonse chimene chili kunja kwa function.

Vuto lobisika kwambiri ndi la ma variable, mayina osungiramo zinthu monga manambala. Variable wolembedwa kunja kwa ma function amaoneka kwa function iliyonse. Function ya avareji itha kulandira mndandanda wotchedwa manambala, koma mkati mwake wophunzira n'kulemba malikisi, dzina la mndandanda wolembedwa kunja kwa ma function. Yankho limatuluka lolondola ndithu, cholakwika osaoneka, mpaka tsiku limene mudzaipatse kalasi ina n'kukubwezerani avareji ya kalasi yoyamba ija. Malikisi akakhala mkati mwa main, Python imakana pomwepo ndi NameError, uthenga wakuti dzinalo sikulidziwa, n'kukulozerani mzere weniweni.

Pochonga ntchito, aphunzitsi aziyang'anitsitsa zinthu ziwiri. Kulemba def main(): sikuitana main. Wophunzira akaiwala mzere wapansi uja, pulogalamu imatha osaonetsa kanthu, ngakhale uthenga wa cholakwika. N'chimodzimodzinso akalemba "main" m'malo mwa "__main__": timizere tapansi tikhale tiwiri kumanzere, tiwiri kumanja.

Mphunzitsi wa mapulogalamu a kompyuta